Kuperekeza Apongozi ku Nyumba ya Mzungu wa Tiyi

Zaka zisanu ndi zinayi ndinakhala pa banja ndi Rozita ndisanayendepo njira imodzi ndi amayi ake. Kwathu ndi mmene timachitira. Mkamwini akaona apongozi aakazi akubwera amapatuka, moni amaperekera chapatali, ndipo zodya pamaso pawo ndiye ayi. Tikafuna kuuzana kanthu, Rozita ndiye ankaima pakati. Sikuti tinkadana, unali ulemu chabe. Koma ulemu umenewu sindinadziwe kulemera kwake mpaka tsiku limene ndinayenera kuusenza pa msewu.

Dzina langa ndine Armando, bambo a Tina, mwana wathu wamkazi. Ndimayendetsa galimoto yothira madzi m'misewu ya mu mgodi wa malasha ku Moatize, kuti fumbi lichepe. Apongozi anga, aNaphiri, amakhala ku Mwaladzi, kumene anawasamutsira mgodi utafika m'munda mwawo. Chaka chimenecho anabwera kwathu kudzaonetsa maso kuchipatala. Dokotala sanawabisire. Diso lamanzere linali litafa kale, lamanja linali kutsatira, ndipo mankhwala akanangolichedwetsa. Iwo anangogwedeza mutu. Tsiku lachitatu ndili pakhonde ndikusoka nsapato, ndinawamva m'nyumba akuuza mwana wawo.

"Rozita, uwauze a bambo a Tina kuti ndikufuna kupita ku Thyolo."

"Ku Thyolo kukatani, amayi?"

"Kukaona nyumba."

Nyumbayo Rozita ankaidziwa mwa nkhani chabe. Nthawi ya nkhondo amayi ake anathawira ku Malawi ngati anthu ena onse, ndipo anapeza ntchito yochapa zovala pa nyumba yaikulu ya mzungu wa minda ya tiyi. Anabwerera kuno mtendere utabwera, Rozita ali ndi zaka zinayi. Tsopano dalaivala wina wa pafupi nafe anali atawauza kuti nyumba ija masiku ano imalandira alendo, aliyense amalowa, kuiona, n'kumwa tiyi pakhonde.

"Ndinachapa nsalu za m'nyumba imeneyo zaka zonse zija," anatero, "koma pakhomo lakumaso sindinalowerepo. Ndikufuna ndikalowere pamenepo diso ili lisanatseke."

Rozita ndi mphunzitsi, ndipo inali nthawi ya mayeso. Mlongo wake amakhala ku Beira. Amene anali ndi masiku atatu opuma ndinali ine. Mkazi wanga anandiyang'ana, ine ndinayang'ana nsapato ija. Nkhani inathera pomwepo.

Tinafika pokwerera magalimoto ku Moatize dzuwa lisanatuluke, koma kutentha kunali kutafika kale. Apongozi anali ndi chikwama chimodzi, cha mizeremizere chija chimene aliyense ali nacho, ndi ambulera yakuda. Shapa ya ku Zobue, minibasi yoyera yotopa ndi moyo, inali ndi anthu anayi okha. Kobradolo, wotolera ndalama uja, analumbira kuti tinyamuka pompano. Pompano wakeyo anatenga maola awiri. Dalaivala ankaliza injini, kusuntha pang'ono, kubwereranso, kuti odutsa aziganiza kuti tikupita.

Vuto loyamba linali pokhala. Kobradolo anatilozera mpando umodzi, ine ndi apongozi, phewa ndi phewa. Iwo anangoima panja ngati sanamve. Ine ndinayamba kuyang'ana matayala. Mayi wina wonenepa, wovala duku lofiira, amene anali atakhala kale m'katimo, anatiyang'ana tonse awiri n'kuseka.

"Apongozi?" anandifunsa.

"Eya."

"Ndadziwa. Lowani inu kuzenerako, ine pakati, amayi kuno. Ndakhalapo mpanda kambirimbiri."

Ameneyo anali Dona Jowana, wogulitsa chikowa, nsomba zouma zamchere zija za ku Zambezi. Kuyambira pamenepo anakhala mthenga wathu, ngakhale kuti uthenga sunkafika mmene wanyamukira. Titangodutsa njanji ndi milu ya malasha, magalimoto aakulu akutiphimba ndi fumbi, apongozi anati, "Auzeni akamwini anga atseke zenera."

"Akuti mutseke zenera," anatero Dona Jowana, "ndiponso akuti mwaonda, kaya mwana wawo amakuphikirani."

"Zimenezo sindinanene!" anatero apongozi, ndipo shapa yonse inaseka. Inenso ndinaseka, koma moyang'ana kunja.

Titapitirira Kambulatsitsi, pa chitunda china, pansi pa mpando wa dalaivala panayamba kutuluka nthunzi. Injini inali itawira. Tinatsika tonse, katundu yense anatsitsidwa n'kuunjikidwa m'mbali mwa msewu kuti apeze zitsulo zimene zinali pansi penipeni. Panalibe mudzi pafupi, koma matumba a makala oimikidwa m'mbali mwa msewu, mwini wake osaoneka. Dalaivala anapempha aliyense amene ali ndi madzi akumwa kuti apereke. Bambo wina wa jekete atamva ntchito yanga anafuula, "Tili ndi mwini madzi pano! Abambo, thirani!" Ine amene ndimataya madzi tsiku lonse mu mgodi ndinali ndi kabotolo kamodzi, theka. Ndinapereka. Apongozi anakhala pa mwala pansi pa ambulera yawo, nsana utaongoka, ngati akudikira kujambulidwa. Patapita ola ndi theka kobradolo anabwera ndi chigubu cha madzi amatope kuchokera kukhwawa, injini inamwa, tinalongedzanso katundu mothamanga n'kunyamuka.

Ku Musakama tinaima pang'ono, amayi ogulitsa nkhuku yootcha ndi mbatata ya ku Angonia anazinga mazenera. Njala inali itandigwira, koma ndikanadya bwanji? Dona Jowana anadya ntchafu ziwiri pakati pathu, akutiuza za mwamuna wake woyamba. Kuchoka pamenepo msewu unayamba kukwera, mphepo inasintha, ndipo cha m'ma wani koloko tinalowa mu Zobue, phiri lake litavala mtambo.

Dona Jowana anatsika pamsika. Anatigwira manja tonse awiri, anakweza katundu wake pa njinga yamoto, n'kupita. Mpanda wathu unapita naye.

Kuchokera pamene shapa inatisiya kukafika pa ofesi ya malire panali mzere wa magalimoto aakulu, ngalande, ndi anthu osintha ndalama othamangira aliyense. Ndinaona apongozi akupapasa pansi ndi phazi. Kuwagwira dzanja sindikanatha. Kuwasiya sindikanathanso. Ndinaima pamenepo ngati chitsiru, mpaka iwo anapinda ambulera ija, n'kuitambasulira kumene ankaganiza kuti ndili. Ndinagwira kunsonga, iwo kuchigwiriro. Tinayenda choncho, ine patsogolo, ndikulankhula ndi mphepo: "Pano pali ngalande. Pano pali mwala."

Pazenera la ofesi, bambo wa yunifolomu anapempha mapepala. Anga anali m'thumba la malaya. A apongozi anali m'chikwama. Ndinatsegula zipi, ndipo fungo linatuluka lisanaoneke kanthu. Chikowa. Chikwama chonse, mpaka pansi, nsomba zokhazokha.

Bambo uja anasuzumira, anandiyang'ana, n'kunena mwaulemu ndithu, "Izi muonetse kwa a kasitomu. Ine ndikufuna bilyeti, chitupa cha amayiwa."

Zikwama zinasinthana pa chitunda paja. Chathu, mmene munali chitupa cha apongozi, mankhwala a m'maso ndi zovala zawo, chinali pa njinga yamoto ndi Dona Jowana.

Ndinawakhazika pakhonde la sitolo ina n'kuthamangira kumsika. Kumeneko aliyense ankamudziwa. "Dona Jowana wa chikowa? Wapita kumudzi kwa mwana wake, kuseri kwa phiri." Wina anandipatsa nambala yake ya foni. Ndinaimba kasanu, osalowa. "Kumeneko foni imagwira ukakwera pachulu," anandiuza mayi wogulitsa kabichi. "Dikirani. Akatsegula chikwamacho abwera yekha. Nsomba zake sangazisiye."

Ndinabwerera kusitolo kuja, ndinafotokozera chipilala cha khonde zonse zimene ndinamva, mokweza kuti apongozi amve. Iwo anayankha chipilala chomwecho kuti palibe kanthu, tidikira.

Tinadikira. Magalimoto ankasuntha kamodzi pa theka la ola. Madalaivala ena ankaphika pansi pa magalimoto awo, ena ankachapa. Agalu awiri anabwera kudzanunkhiza chikwama chathu, ndinawathamangitsa, anabweranso ndi wachitatu. Cha m'ma folo mvula inayamba, ya mphepo, yozizira, yosiyana ndi ya kwathu ku Moatize. Ndinagula mapawu anayi, buledi wathu uja, ndi kanyama ka mbuzi kootcha. Gawo lawo ndinaika pa mpango pafupi ndi dzanja lawo. Langa ndinapita nalo kumapeto kwa khonde, kumene mvula inkafika, n'kutembenukira kukhoma.

Ndili pakati pa kutafuna ndinamva, "A bambo a Tina."

Ndinayang'ana uku ndi uku kuti akutuma yani. Panalibe munthu.

"Ndikunena inu. Mukunyowa. Mukuthawa maso ati? Maso ake ndi amene atha aja. Bwerani mudyere pano."

Ndinabwera. Ndinakhala pansi, kutalikirana nawo ngati mikono iwiri. Tinadya. Kenako analoza ndi chibwano kumene kunali phiri.

"Ife sitinadutsire pa ofesi apa. Tinadutsa kuseri uko, m'tchire, wapansi. Apongozi anu aamuna anatsala m'njira, anafera komweko. Rozita ndamunamiza. Nyumba ndikufuna kuiona, inde. Koma ku Thyolo kuli munthu amene ndinamulakwira. Dzina lake Enelesi, ankaphika pa nyumba ija. Kaya ali moyo."

"Munawalakwira chiyani, amayi?" Aka kanali koyamba kuwafunsa funso ndi pakamwa panga.

"Mukamva konko. Akakhala kuti anamwalira, ndidzakuuzani pobwerera, kuti pakhale wina wodziwa."

Dona Jowana anatulukira cha m'ma faifi, atanyowa mpaka duku, chikwama chathu atachikumbatira pamimba. Anayamba kuseka asanatsike n'komwe pa njinga. Anati anaitana akazi a m'mudzi monse kuti adzagule nsomba, anatsegula chikwama pamaso pawo, n'kutulutsa kapulana watsopano, chitenje cha kwathu chija, ndi thumba la masawu ouma.

"Masawuwo ndi mphatso ya munthu," anatero apongozi.

"Ndadyako dzanja limodzi, amayi, chifukwa cha mantha. Mundikhululukire."

Kuwoloka nthawi imeneyo kukanatigoneka panjira, choncho anatitengera kwa mng'ono wake pa Zobue pomwepo. Apongozi anagona ndi akazi m'nyumba, ine m'kasitolo ka mwini nyumba, pakati pa matumba a ufa.

M'mawa mwake mapepala anadindidwa mosavuta. Pakati pa Zobue ndi ofesi ya ku Mwanza pali mtunda ndithu, ndipo tinakwera kagalimoto kakang'ono anthu asanu ndi awiri. Ku Mwanza ndinasintha ndalama, ndinagula manachesi, tinalowa minibasi ya ku Blantyre. Muno munalibe Dona Jowana. Tinakhala mpando umodzi, chikwama pakati, ndipo dziko silinagwe. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti apongozi, amene kwathu amasakaniza Chinyungwe m'mawu aliwonse, anayamba kulankhula ngati munthu wa konko. Kobradolo anasanduka kondakitala. Ankandifunsa malo alionse. "Pano ndi pati?" Pa Zalewa, tikuwoloka Shire. "Pano?" Pa Lunzu. "Kale panali sitolo zitatu zokha." Ku Limbe tinasintha minibasi pakati pa phokoso loti sindinalionepo, ambulera ija tikuigwira mwamphamvu. Titapitirira Bvumbwe anasiya kufunsa. Anatsegula okha zenera n'kukoka mpweya.

"Tafika m'tiyi," anatero. Zinali zoona. Mapiri onse anali obiriwira, osalala ngati ametedwa.

Tinatsika pa mphambano ina, tinakwera njinga zamoto ziwiri kukwera mtunda, mpaka pa geti. Mlonda anatiyang'ana, anayang'ana zovala zathu zonunkhabe nsomba, koma atamva kuti tabwera kudzaona nyumba ndi kumwa tiyi anatitsegulira.

Nyumbayo ili pamwamba pa chitunda, yaitali, ya malata obiriwira, khonde lazungulira mbali zitatu. Kutsogolo kuli kapinga wamkulu kuposa bwalo la mpira, mitengo ikuluikulu ya maluwa ofiirira, ndi maluwa ena m'mizere. Azungu anayi ankamwa tiyi pansi pa mtengo. Mayi wolandira alendo, wa diresi la buluu, anatipatsa moni n'kutiuza kuti ationetsa m'kati.

Apongozi anasiya ambulera. Anakwera okha masitepe, akuwerenga chapansipansi, ndipo atafika pa lachisanu ndi chimodzi anaima osalakwitsa. Pakhomo lakumaso anavula nsapato.

"Musavule, agogo, lowani choncho," anatero mayi uja.

"Ndikufuna mapazi aone," anayankha.

Analowa. Pansi panali simenti yofiira yonyezimira. Mayi uja anatifotokozera za mzungu amene anamanga nyumbayo kalekale, njerwa zoumbidwa pamtsinje, matabwa a mkungudza. Anationetsa chipinda chodyera cha tebulo la anthu khumi ndi awiri, piyano, wotchi yaitali kuposa ine, nyanga za njati pakhoma, bafa lachitsulo la miyendo ngati ya mkango. Apongozi ankayenda pambuyo, akugwira chilichonse. Pa tebulo paja anatsina nsalu yoyalapo, n'kuipekesa pakati pa zala.

"Iyi si yakale. Yakale inali ndi maluwa osokedwa m'mphepete, ndipo pa ngodya imodzi panali popsa. Ndinapsereza ndine. Dona, mkazi wa mzungu uja, ananditukwana sabata yathunthu."

Mayi uja anasiya kufotokoza. "Agogo, munagwirapo ntchito pano?"

"Kuseri. Kodi kanyumba kochapira kalipo?"

Kanyumbako sikanali pa zoonetsa alendo, koma anatitengera. Tinadutsa kukhitchini, pansi pa mtengo waukulu wa mapeyala, mpaka pa kanyumba ka njerwa ka zenera limodzi. M'kati munali makina odulira kapinga ndi mipando yothyoka. Apongozi analowa, anagwira sinki ya simenti, anagwira khoma, n'kukhala pansi pakona, pafumbi pomwepo. Anakhala nthawi yaitali. Kenako anafunsa mosayang'ana aliyense, "Enelesi, amene ankaphika pano, anamwalira liti?"

"Agogo Enelesi? Ali moyo! Amakhala kutsidya kwa mtsinje uko. Kungoti makutu ndiye anatseka."

Anatuma njinga yamoto kuti ikawatenge. Ife anatikhazika pakhonde, pa mipando ya nsungwi, n'kutibweretsera tiyi m'makapu opyapyala ndi masikono. Apongozi anagwira kapu ndi manja awiri. Sanamwe. Ine ndinamwa makapu atatu chifukwa chosowa chochita.

Patapita theka la ola, kamayi kakang'ono, kouma, ka ndodo, kanatulukira pa kapinga paja. Kanayenda molunjika mpaka pa masitepe, n'kuima. Kanayang'ana apongozi nthawi yaitali.

"Luwiza," kanatero.

Dzina la apongozi anga ndinali nditangoliona pa chitupa. Kulimva likutchulidwa choncho, lopanda ulemu uliwonse, ndinafuna kubisala.

"Mwana ali kuti?" Agogo Enelesi analankhula mokweza, mmene amachitira anthu osamva.

Apongozi anatsika pa mpando n'kugwada. Analankhula chapansipansi, mutu uli pansi.

"Akuti chiyani?" anafuula agogo aja, akuyang'ana ine. "Iwe ndiwe yani?"

"Ndine mkamwini wawo!"

"Ndiye undiuze zimene akunena! Bwera kuno, khutu ili!"

Mayi wa diresi la buluu anali atapita kukalandira alendo ena. Panalibe wina. Choncho mawu amene apongozi anga anawasunga zaka zoposa makumi awiri, amene ankawanong'ona atagwada, ine ndinayenera kuwakuwa m'khutu la munthu, pakhonde la nyumba ya alendo, azungu anayi akutiyang'ana.

"Akuti anakulakwirani!"

"Ndikudziwa! Apitirize!"

Nkhaniyo ndinaimva ikudutsa pakamwa panga. Apongozi anafika pa geti la nyumbayo tsiku la mvula, akufuna ganyu, ali ndi pakati potopa, alibe mwamuna, alibe mbale. Enelesi anawalowetsa m'kanyumba kochapira kaja, eni nyumba osadziwa. Patapita masiku asanu ndi limodzi Rozita anabadwira momwemo, pakona paja, ndipo amene anamulandira ndi Enelesi. Mchombo wake anaukwirira pansi pa mtengo wa mapeyala. Enelesi sanaberekepo. Mwamuna anali atamusiya chifukwa cha chimenecho. Zaka zinayi mwanayo anakulira kumsana kwake m'khitchini, amayi ake akuchapa. Mtendere utabwera, magalimoto obweza anthu kwawo atafika, Enelesi anapempha kuti mwana atsale kaye mpaka Luwiza akamange nyumba ndi kukolola. Luwiza anavomera. Koma m'mawa wa ulendo, tambala atangolira, ananyamula mwana ali m'tulo n'kupita osatsanzika.

"Akuti ankaopa kuti akamusiya simudzamubweza!" ndinakuwa.

"Sindikanamubweza!" anayankha agogo Enelesi. "Zimenezo ananena zoona!"

"Akuti sanalembe kalata chifukwa cha manyazi!"

Agogo aja anakhala pa sitepe, ndodo pakati pa miyendo. Mawu awo anatsika, ngakhale anali okwerabe kwa ife akumva.

"M'mawa umenewo ndinamuphikira phala. La mgaiwa, lothira nsinjiro, mmene ankalikondera. Ndinapita nalo kukanyumba kuja. Ndinapeza mphasa yokha." Anapukuta mphuno ndi nsonga ya chitenje. "Ndinakhala nalo mpaka linazizira. Kutaya ndinalephera, kudya ndinalephera."

Apa panalibe choti ndikuwe. Apongozi ankalira, misozi ikutuluka m'diso lamoyo ndi lakufa lomwe. Anapapasa chikwama, anatulutsa kapulana uja ndi thumba la masawu, n'kuziika pa mapazi a mnzawo. Agogo Enelesi anatsegula thumba, anatenga limodzi, analiika m'kamwa.

"Awa ndi masawu aja unkatisokosa nawo? Owawasa chonchi?" Koma anatenganso lina.

Ndinatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha Rozita atanyamula Tina wathu. Anaigwira ndi manja awiri, anaiyandikiza, anaitalikitsa.

"Uyu ndi munthu wamkulu. Sindikumudziwa," anatero. "Wanga ali ndi chipsera pa chidendene cha kumanzere. Anaponda khala logwa mu ayironi, ine nditatembenuka. Ndinamunyamula wapansi mpaka kuchipatala cha esiteti."

Chipseracho ndimachidziwa. Rozita ankandiuza kuti chinali cha njinga.

Apongozi ananong'onanso, ndipo ine ndinawerama kukhutu kuja. "Akufunsa ngati mwawakhululukira!"

"Kukhululuka pa chithunzi? Ndikamuone kaye mwanayo ndi maso anga." Anaimirira ndi ndodo yawo. "Kwanuko ndi kutali bwanji?"

Tisanachoke, awiriwo anapita okha pansi pa mtengo wa mapeyala, wosamva akutsogolera wosaona, atagwirana mikono. Anakhala kumeneko nthawi ndithu. Zimene anauzana sindikuzidziwa, ndipo sanafune wokuwa.

Tinagona kwa agogo Enelesi kutsidya kwa mtsinje. M'mawa ndinawapeza atakhala kale panja, atavala kapulana watsopano uja, kachikwama pamiyendo, chitupa chawo atachimanga pa ngodya ya mpango. Mdzukulu wa mchemwali wawo, mayi wa ana atatu amene amawasamala, anayesa kuwaletsa, koma iwo anangotembenuzira kwa iye khutu losamva kwambiri lija.

Ulendo wobwerera unayenda bwino moti palibe chonena, kupatula kuti ku Mwanza tinadikira maola awiri chikalata chawo chowolokera, ndipo kuyambira ku Musakama mpaka ku Moatize agogo Enelesi anadandaula za kutentha mokweza, shapa yonse ikumva. "Luwiza, unathawa nayedi mwana kubwera naye m'ng'anjo muno?"

Ndinali nditamuimbira Rozita tili ku Zobue, n'kumuuza zonse mwachidule. Titafika madzulo tinamupeza ataima pakhomo, akadali m'zovala za kusukulu, choko m'manja. Anagwada kuti apereke moni. Agogo Enelesi sanayankhe moniwo. Anataya ndodo, anakhala pansi pa fumbi lakuda la kwathu, anagwira phazi lamanzere la mkazi wanga n'kulivula nsapato. Anapapasa chidendene ndi chala chachikulu.

"Ndi yemweyu," anatero. Anatembenukira kwa apongozi, amene anali atagwada pambali. "Luwiza, yatha. Dzuka pamenepo."

Rozita sanawakumbukire nkhope, ndipo sananame kuti wawakumbukira. Anangowalola kuti agwire phazilo mpaka atakhutira.

M'mawa mwake ndinadzuka kuti ndikonzekere ntchito, ndinapeza agogo Enelesi alanda kale mbaula. Anali atafunsa nsinjiro kwa oyandikana nawo, mokuwa, mpaka anazipeza. Rozita anatuluka mothamanga, mapepala a mayeso m'khwapa, akunena kuti wachedwa, akadya kusukulu. Agogo aja sanamve, kapena anasankha kusamva. Anamulozera mpando, n'kumuikira mbale ya phala pamiyendo.

Mkazi wanga anayang'ana wotchi, anayang'ana amayi ake, anaika mapepala pansi. Anadya pang'onopang'ono, akuuzira supuni, akazi awiri aja atakhala uku ndi uku. Atamaliza, agogo Enelesi anatenga mbale, anaiyang'ana m'kati ngati watsala kanthu, n'kumuuza kuti tsopano akhoza kupita.